Khadi Lobwera m'Thaulo

Mlamu wanga analowa m'kaofesi kanga osagogoda, atanyamula chinthu chokulungidwa m'thaulo la kubafa. Anachiika patebulo mosamala ngati akugoneka khanda, kenako anabwerera m'mbuyo n'kupinda manja.

"Alamu, mavuto anu athera pano," anatero.

Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba. Ndinkagwira kukampani, koma nditatopa ndi kujambulira ena kuti iwo azingosaina, ndinasesa chipinda chomwe amuna anga ankasungiramo matayala akutha n'kuchisandutsa ofesi. Amuna angawo amayendetsa thiraki, ndipo amakhala pamsewu kuposa pakhomo. M'kaofesimo muli tebulo, shelefu ya mapepala okulungiza, kompyuta yakuda pansi pa tebulo, ndi monita yaikulu yakalekale yomwe ndinaipeza pamene ofesi ina inkasamuka. Monitayo ndimainyadira chifukwa sinama mitundu. Utoto umene kasitomala wauona pagalasi ndi womwewo akaupeza pakhoma.

Vuto linali kompyuta. Mapulani wamba inkajambula bwinobwino, koma makasitomala a masiku ano safuna mizere yokha. Amafuna aione nyumba itaimirira, aizungulire, alowe pabalaza, aone dzuwa likulowa pawindo. Ndikangoyamba zimenezo kompyuta inkalira ngati njinga yamoto pachitunda, chithunzi n'kuuma gwa. Sabata imeneyo ndinali ndi kasitomala wovuta, mayi wina mwini sukulu ya mkaka, yemwe anali atandiuza kale kuti akapanda kuiona nyumba yake "ikuyenda" pofika Lachisanu, apita kwa wina. Ndinadandaula zimenezi tikudya, ndipo mlamu wanga anamva.

Mlamuyu ndi mng'ono wa amuna anga, chitsirizira cha apongozi anga omwe timakhala nawo. Anasowa zaka zingapo, akuti ali kumzinda wina kutali, foni yake n'kumangobwera mwa apo ndi apo. Kenako mwezi wathawo anangotulukira ndi chikwama chimodzi, akuti wabwera kudzapuma. Zimene ankachita kumeneko zinkasintha malinga ndi wofunsa. Kwa amayi ake, anali ndi bizinesi ya makompyuta. Kwa mkulu wake, ankangothandiza mnzake wina. Kwa ine ankangoseka. Foni yake inkakhala chafufumimba patebulo, ndipo ikanjenjemera ankanyamuka kukayankhira kuseri kwa thanki ya madzi.

Ndinafunyulula thaulo lija. M'kati munali khadi la zithunzi, lomwe amalowetsa m'kompyuta kuti izitha kunyamula zithunzi zolemera. Linali lalitali ngati mkono wanga kuchoka pachigongono, lolemera, la mafani awiri ndi timano tagolide mmunsi. Ndinali nditaliona kale m'mashopu, kuseri kwa galasi, ndipo ndinkadziwa kuti si chinthu choti munthu wosagwira ntchito angangochitola. Linalibe bokosi, linalibe ngakhale kajumbo. M'mafani munali fumbi lomatirira, ndipo kachitsulo komangira kanali kopindika ngati wina anachita kulizula mothamanga.

"Mwalitenga kuti?" ndinafunsa.

"Kwa mnzanga."

"Mnzanu uti?"

"Simumudziwa, alamu."

"N'chifukwa chaketu ndikufunsa."

Apongozi anali ataima kale pakhomo, atatsamira felemu. Iwo makutu awo amavuta ukamawaitana kudzamwa mankhwala, koma nkhani ikakhudza chitsirizira chawo amamva ngakhale ali kubafa.

"Kodi mwana wakubweretserani chithandizo, inu mwayamba kumuzenga mlandu? Mwasanduka apolisi liti?"

"Ayi amayi, ndimangofuna kudziwa."

"Mudziwe kuthokoza kaye."

Ndinaisiya nkhaniyo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Komanso Lachisanu linali pafupi, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatulutsa kompyuta pansi pa tebulo n'kumupatsa sikuludalaiva. Atangochotsa chivundikiro, ndinatenga foni ngati ndikuwerenga uthenga, koma ndinajambula m'kati monse mwa kompyutayo, kuti chikasowa china ndidzakhale ndi poyambira.

Manja ake anandidabwitsa. Munthu yemwe pakhomo satha ngakhale kusintha babu osagwetsa mpando, apa zala zake zinkayenda ngati za namwino. Anauzira fumbi, anakhazika khadi m'ngalande yake mpaka linalira kuti tswa, analumikiza waya wa magetsi, anawongola kachitsulo kopindika kaja ndi chala chachikulu. Luso limenelo silinanditonthoze. Wodziwa kulowetsa chonchi, ndinaganiza, amadziwanso kutulutsa.

Ndiye tinafika pa waya wa monita. Waya wanga ndi uja wa mutu wabuluu, wa timapini tambiri ndi zomangira ziwiri zopota ndi zala, amene amati VGA. Kuyambira kale unkalowa pabowo labuluu kuseri kwa kompyuta. Mlamu anaumasula, anaubweretsa kumbuyo kwa khadi, n'kuima. Kumbuyo kwa khadilo kunali timabowo tating'ono topyapyala, tonga pakamwa pa nsomba. Labuluu panalibe. Anautembenuza waya uja, anauyesa cham'mbali, kenako anadzikanda m'mutu.

"Aa, ndinaiwala kuti monita yanuyi ndi ya nthawi ya makolo. Khadili limafuna HDMI."

"Ndiye bwezerani pomwe unali."

Anabwezera, anayatsa. Mafani anazungulira, getsi lobiriwira linayaka, koma monita inangokhala bii. Patapita kanthawi panatuluka kabokosi koyandama kuchoka ngodya ina kupita ina, konena kuti palibe chimene chikubwera.

"Musadandaule," anatero msangamsanga. "Khadi likalowa, bowo lakalelo limagona. Chithunzi chonse chimadzera kukhadi tsopano."

"Ndiye kuti m'mawa uno ndinali ndi kompyuta yochedwa, pano ndilibe n'komwe."

"Pakungofunika adaputa basi. Ndikubwera pompano."

Pompano wakeyo anatha dzuwa litapendeka. Ine tsiku lonse ndinangokhala n'kumayang'ana galasi lakuda, kasitomala akutumiza mauthenga ofunsa ngati khonde ndalikulitsa. Maganizo ankabwera okha. Bwanji ngati khadilo n'lakufa? Bwanji ngati latentha china m'kati? Ndinaganiza zolizula ndekha, koma ndinaopa kuthyola kena kake n'kumupatsa ponamizira.

Anabwera ndi kabokosi koyera, mbali ina bowo labuluu, mbali ina bowo lopyapyala, ndi waya wakuda wamfupi. Anagwada, analumikiza zonse, anayatsa. Bii. Anazimitsa, anagwedeza waya, anayatsanso. Kabokosi koyandama kaja kanabweranso, kakuyenda pang'onopang'ono ngati kakutiseka. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwake. M'thumba mwake foni inanjenjemera, inasiya, inayambanso. Sanaigwire.

"Yankhanitu," ndinatero.

"Ndi anthu osokoneza." Anadzuka n'kupukuta manja pathalauza. "Alamu, ine ndikuona ngati vuto ndi monita, kapena penapake m'katimu. Tipange chonchi. Mawa m'mawa ndinyamule kompyuta yonseyi ndipite nayo kwa mnzanga uja. Ali ndi zipangizo zoyezera. Masana ikhala yabwera."

Apa m'pamene mtima wanga unati, eya, nkhani yake ndi imeneyi. Ubweretse chinthu chonyezimira, kompyuta ife, kenako uinyamule poyera mwini wake akukuthokoza. M'kompyutamo munali mapulani a anthu onse amene ndinawajambulirapo, ntchito ya zaka.

"Kompyuta iyi situluka m'chipinda muno ndi munthu wina," ndinatero.

"Mukundiyesa wakuba?"

"Sindinatchule mawu amenewo. Mwatchula ndinu."

Anandiyang'ana, kenako anatuluka. Ndinamva akudandaula kwa amayi ake kukhitchini, mawu apansipansi, ndipo apongozi anayamba kuika mapoto mwamphamvu kuposa mmene amaikira. Ndinakhoma kaofesi n'kuika kiyi m'thumba la diresi. Ndinaimbira amuna anga, omwe anali pamzere wa mathiraki kuchipata cha dziko.

"Mkazi wanga, usawakhumudwitse amayi," anatero, injini zikulira kumbuyo kwawo. Kenako anawonjezera: "Koma chitsekocho ukhome."

M'mawa mwake ndinaitana takisi. Ndinakulunga monita m'bulangete, ndinanyamula kompyuta ndekha mpaka kugeti. Mlamu anali pakhonde akutsuka nsapato. Anadzuka kuti andithandize, ine ndinati ndakwanitsa.

"Mukupita nayo kwa ndani?" anafunsa.

"Simumudziwa, alamu."

Sanaseke. Nkhope yake inasintha mwanjira yomwe sindinaimvetse, ndipo galimoto ikunyamuka ndinamuona pagalasi ataima pakati pa geti, nsapato ili m'manja, thovu likudontha.

M'tauni muli nyumba ina yosanja ya timashopu tothinana, mafoni uku, nsapato uku, osoka zovala pamwamba. Pansi pa masitepe pali kashopu ka bambo wina wokonza makompyuta yemwe aliyense amangomutcha Dokotala. Ndi wamtali wowerama, magalasi ake omangidwa ndi kawaya mbali imodzi, ndipo salankhula asanamalize kuyang'ana. Anaika kompyuta pabenchi, anatenga kabokosi koyera kaja n'kukatembenuza.

"Anakugulitsani ndani ichi?"

"Anagula ndi mlamu wanga. N'chakufa?"

"Chamoyo. Koma taonani apa." Anandilozera kamuvi kakang'ono kodindidwa pakabokosipo. "Msewu wake ngwopita kokha. Ichi chimatenga chithunzi kukompyuta yakale kupititsa kuwailesi yakanema yatsopano. Inu zanu n'zotembenuza: khadi latsopano, monita yakale. Mukanalumikiza mpaka chaka chamawa, sichikanayaka. Ambiri amagwa nazo, ngakhale ogulitsa omwe, chifukwa mabowo ake amaoneka ofanana."

Kenako anagoneka monita chafufumimba pabulangete n'kuyang'ana kunsi kwake. Pafupi ndi bowo labuluu panali kachivindikiro kapulasitiki komwe ine ndinkangoyesa n'kokongoletsa. Anakatomola ndi chikhadabo. Pansi pake panali bowo lina, loyera, lalitali.

"Ili amati DVI. Limamvana ndi khadili popanda womasulira pakati." Anasolola waya pakhoma pomwe panapachikidwa mawaya ambirimbiri ngati zingwe za nsapato, mutu wina wopyapyala, mutu wina woyera. Analumikiza, anapota zomangira, anayatsa.

Galasi linaphethira kamodzi, n'kuwala. Mafayilo anga onse anali pomwepo. Ndinatsegula nyumba ya mayi wa sukulu uja n'kuizunguliza ndi mbewa ya kompyutayo. Inatembenuka mosalala ngati mbale pamadzi, khonde, masitepe, mthunzi wa denga, zonse zooneka bwino kuposa kale. Ndinapuma mpweya womwe ndinkausunga kuyambira dzulo lake. Ndinafanizanso m'kati mwa kompyuta ndi chithunzi cha pafoni chija. Palibe chinasowa. Khadi linali lamoyo, ndipo ndinayamba kuganiza mawu oti ndikamuuze mlamu ndikafika.

Koma Dokotala sankayang'ana nyumba yanga. Anali atawerama ndi katochi, akuunika khadi kuchokera m'mbali. Anatulutsa foni, anayang'ana china chake, anaunikanso.

"Mayi, khadili munagula kuti?"

Funso lomwe lija, koma tsopano lalunjika ine.

"Ndi mphatso."

"Mphatso." Analibwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Yochokera kwa mlamu yemwe uja?"

"Pali vuto?"

"Ife okonzafe tili ndi gulu pafoni. Chinthu chikasowa kwinakwake timatumizirana. Pali mayi wina wakhala akuzungulira shopu ndi shopu kufunafuna makhadi awiri a mtundu womwewu. Akuti limodzi analizula mokakamiza, ndiye kachitsulo kake kayenera kuti kanapindika. Ili wina waliwongola ndi dzanja, utoto wathetheka apa."

Anatuluka kukaimba foni, koma anaima pakhomo penipeni, msana wake utatseka njira. Ine mutu unayamba kuthamanga. Kodi mayiyo alipodi? Kapena ndi njira ya Dokotala yolandira zinthu kwa azimayi obwera okha? Mawa ndidzalipeza khadi lomweli pashelefu yake lili ndi mtengo? Atabwerera ndinati atseke kompyuta yanga ndizipita.

"Ndikutsekerani, ndi yanu," anatero. "Koma mwini wake wakwera kale basi. Mukachoka, ndimuuza kuti munali pano ndipo munathawa. Mukadikira, mukambirana ngati anthu. Sankhani."

Ndinadikira, nditakhala pampando wopanda chotsamira, dzanja limodzi lili pakompyuta. Dokotala ankakonza laputopu ya munthu wina, koma diso limodzi linali pa ine. Langa linali pa iye.

Mayiyo anafika cha kumasana. Anali wamfupi, wocheperapo kwa ine, atavala jinzi ndi chikwama chakumsana, maso ofiira ngati a munthu amene wakhala akugona mochepa. Sanapereke moni. Anasuzumira m'kompyuta, kenako anandiyeza kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Ndiye ndinu mkazi wake watsopanoyo?"

"Mkazi wa ndani?"

"Musandipusitse. Mwamuna sapatsa chinthu chotere munthu wamba."

"Mayi, ine ndili ndi mwamuna wanga, ndipo ali pamsewu ndi thiraki. Amene wandipatsa ichi ndi mlamu wanga. Koma musanayambe kundikalipira, ndidziwa bwanji kuti ndi lanu? Makhadi otere alipo ambiri."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Dokotala, zulani. Mukayang'ane kunsi, pafupi ndi timano tagolide, pakona yakumanzere. Mupeza timadontho tiwiri ta polishi wa zikhadabo, wofiirira. Tiwiri chifukwa ndi la makina achiwiri kuchoka pakhomo."

Dokotala anazimitsa, anazula, anatembenuza. Timadontho tiwiri tinali pomwepo, touma, tonyezimira pang'ono. Ndinayang'ana zikhadabo za mayiyo. Mtundu wake unali womwewo, wothetheka kunsonga.

"Mwati mlamu?" anafunsa, mawu atatsika. "Mlamu wake uti? Iye alibe abale."

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi. Anali mlamu wanga, atavala malaya omwe ndinamuchapira sabata yatha, atanyamula kamtsikana ka masaya otupa, kumbuyo kwawo kuli mzere wa makompyuta ndi anyamata ovala mahedifoni. Mayiyo anafotokoza mwachidule, Dokotala akunamizira kusamva. Ali ndi malo a magemu, komwe achinyamata amakasewera pamakompyuta, kutsidya lina la mzinda wathu womwewu, mabasi awiri kuchoka kwathu. Mlamu anabwera kudzakonza makina ena, anakhala wobwerabwera, mapeto ake anakhala wa m'nyumba. Mwana anabadwa. Posachedwapa mlamu anayamba kumuumiriza kuti agulitse malowo ayambe kuitanitsa mafoni kunja, mayiyo anakana, anakangana. Tsiku lina atabwera kuchokera kusikelo ndi mwana anapeza makina awiri ali otsegula, munthu kulibe.

"Zaka zonsezi anali mumzinda momwe muno?" ndinafunsa. "Ife ankatiuza kuti ali kutali."

"Ine ankandiuza kuti ndi wamasiye. Akuti amayi ake anamwalira iye ali kusukulu."

Ndinayang'ananso chithunzi chija. Kenako ndinati, "Tiyeni mukawaone amayi akewo. Ndawasiya akusankha nyemba."

Dokotala anabwezeretsa khadi m'kompyuta chifukwa mayiyo anati silikhala m'manja mwa wina aliyense mpaka nkhani ithe, ndipo ine ndinati kompyuta yanga sikhala kwa wina aliyense. Tinakwera takisi imodzi, kompyuta ili pakati pathu, aliyense atayikapo dzanja. Njira yonse sitinalankhulane. Ine ndinali ndisanakhulupirirebe zonse. Iyenso ndinkamuona akuwerenga zikwangwani za misewu, ngati munthu woloweza njira yothawira.

Tinapeza mlamu ali pabalaza akuonera mpira. Ataona amene walowa kumbuyo kwanga, rimoti inagwa pansi, mabatire n'kugubuduka mpaka kunsi kwa sofa. Anaimirira, anakhalanso.

Apongozi anatulukira kukhitchini akupukuta manja. "Alendowa ndi ndani?"

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula chikwama, anagwada pansi. "Ndinu amayi ake a awa?"

"Ndine. Ndi chitsirizira changa. Walakwa chiyani?"

"Pepani amayi. Ine ndinakulirani kale. Chaka chilichonse pamwezi umene ankati munamwalira ndinkamuphikira chakudya chomwe amakonda kuti asadandaule kwambiri. Mwana wathu tinamutcha dzina lanu, akuti kuti likhalebe."

Pabalaza panangotsala mawu a woulutsa mpira. Ndinapita kukazimitsa pakhoma.

"Iwe," anatero apongozi, osakweza mawu. "Unandipha?"

"Amayi, si choncho. Poyamba ndinangonena pocheza, kenako zinavuta kubweza. Ndinkafuna ndidzabwere naye zinthu zitayenda bwino, osati chimanjamanja." Anatembenukira kwa mayiyo, mawu akukwera. "Ndipo makhadiwo si kuba! Ndani ankakonza makina onse aja? Ndani ankagona mochedwa kuyang'anira ana a eni? Ndinalandirapo chiyani? Gawo langa ndi limenelo."

"Gawo amagawana masana, onse awiri alipo," anatero mayiyo. "Linalo lili kuti?"

Mlamu anayang'ana pansi.

"Nanga ili munandipatsiranji ine?" ndinafunsa. "Chifundo, kapena mumafuna pobisa poti sangafikepo?"

"Alamu, ndinaona mukuvutika."

"Nanga mnzanu wa zipangizo zoyezera uja?"

Anawerama n'kuyamba kufunafuna mabatire aja kunsi kwa sofa. Mpaka lero sindidziwa ngati kompyuta yanga ikanabwerako masana aja. Mwina ankafunadi kundithandiza. Mwina anapeza wogula ndipo ankafuna akazule khadilo kutali ndi maso anga. Mwinanso iye mwini sankadziwa.

Apongozi anakhala pasofa pang'onopang'ono. Sanamuyang'anenso mwana wawo. Anatambasula dzanja kwa mayiyo.

"Dzukani apo, mwana wanga. Muli nacho chithunzi cha mdzukulu wangayo?"

Ali mkati moyang'ana chithunzicho, atachiyandikitsa kumaso n'kumasisita galasi la foni ndi chala, mlamu anati akupita kukagula mayunitsi. Palibe anamuletsa. Tsiku limenelo sanabwerenso, ndipo chikwama chake chinadzatengedwa ndi mnzake wina patapita masiku.

Ine ntchito inali ikundidikirabe. Ndinamuuza mayiyo zoona zake, kuti khadilo ndi lake ndipo atha kulizula pompo, koma akandilola masana okhawo ndimaliza nyumba ya kasitomala. Anaganiza, kenako anakoka mpando n'kukhala pambali panga m'kaofesi, chikwama chili pamiyendo. Ndinalumikiza waya wa mutu woyera uja ndekha. Anakhala pomwepo mpaka ndinamaliza, osapita ngakhale kubafa. Pena ankaloza pagalasi n'kunena kuti masitepe akuoneka otsetsereka kwambiri kwa ana aang'ono, ndipo ankanena zoona, ndinawakonza. Vidiyo itatha kutuluka anapempha sikuludalaiva, anazula khadi lake yekha, analikulunga m'juzi n'kuliika m'chikwama. Ndinabwezera waya wabuluu pabowo lake lakale, kompyuta inayaka monga mwa masiku onse. Mayi wa sukulu anaikonda nyumbayo, ngakhale anasinthanso mtundu wa denga kawiri.

Amuna anga atabwera anakamufunafuna mng'ono wawo, anamupeza akugona kwa mnzake kuseri kwa galaja ina. Zomwe anakambirana sanandiuze zonse. Khadi linalo silinapezeke. Mlamu masiku ano amapita kukaona mwana, koma amakhala pabenchi panja, ndipo kuseri kwa kauntala saloledwa. Apongozi amakwera mabasi awiri aja Loweruka lililonse, ndi kathumba ka zipatso, ndipo akabwera amalankhula za mdzukulu yekhayekha. Dzina la chitsirizira chawo amalitchula mwa apo ndi apo, ngati la munthu woyandikana naye nyumba.

Ine ndi mayi wa magemu tinapangana. M'mawa ana asukulu asanaweruke makina ake amangokhala, ndiye ndikakhala ndi nyumba yofunika kuizunguliza ndimapita kumeneko ndi fulashi yanga, ndipo ine ndikumujambulira pulani yokulitsira malowo. Timatchulana kuti alamu. Makompyuta ake onse tsopano ali ndi maloko aang'ono kumbuyo, makiyi ake amawavala m'khosi. Amandipangira tiyi, timaseka, mwana amandikwera pamiyendo n'kumadina mabatani. Koma ndikamanyamuka amaima pakhomo n'kunena kuti, "Alamu, mwaiwala," ndipo ine ndimatsegula chikwama changa kuti asuzumiremo. Amayang'ana mpaka m'kathumba ka zipi, kenako amandiperekeza kukakwera basi.